Za Liu Limene Ndinalimva ku Halale

Ndiri ndi mlandu umene wandisowetsa tulo masabata ano, ndipo ndati ndiulembe m'nyuzi yathu ino, pakuti kapena ena a inu amene muli ndi ana aluso mudzakomana nao tsiku lina. Ine ndine nkhalamba. Ndinabadwa chaka cha 1946, ndipo a msinkhu wanga pamudzi pathu tatsala owerengeka. Chifukwa chache mirandu ya mbumba yathu igwera ine, ingakhale mirandu yachilendo imene makolo athu sanatisiyire maweruzidwe ache.

Mlongo wanga, amene anagona kale, anasiya mdzukulu wamkazi, amene tsopano ali ndi zaka 14. Mwanayo aimba m'kwaya ya mpingo wathu. Thupi lache nlaling'ono, koma liu lache nlalikulu ndi lakuya, kotero kuti mlendo woima kunja kwa chalichi angayese kuti woimbayo ndi munthu wamkulu. Ndipo akayamba ndime yekha, amai a kumbuyo aleka kutonthoza makanda natukula mitu. Mwezi wa August makwaya a mipingo yoyandikana nafe anasonkhana pamodzi, ndipo mnyamata wina anamjambula ndi foni ali kuimba. Chithunzicho chinayenda m'mafoni a anthu kufikira kumizinda, ndipo atapita masabata atatu panaima galimoto pabwalo pathu. Anatulukamo bambo wina wa m'tauni, wobvala bwino, waulemu ndithu. Anati ali ndi nyumba yojambuliramo nyimbo, ndipo afuna kutenga mwanayo akakhale kwache pamodzi ndi ana ache, amjambule nyimbo khumi, ndi kuyenda naye m'misonkhano kukaimba. Za sukulu anati adzaona komweko. Anasiya shuga ndi ndalama pang'ono, nati nza sopo, nabwerera.

Madzulo ache amache a mwanayo anadza kwanga, nagwada pakhomo, nati, "Atsibweni, mbumba njanu. Timyankhe chiani munthu uja?" Ndinaona pankhope pao kuti mtima wao unabvomera kale, ndipo sindiwadzudzula ai, pakuti chaka chino chimanga chao sichinachite bwino, ndipo ali ndi ana ena atatu. Ndinati, "Nabanda, mundipatse sabata limodzi." Iwo anayesa kuti ndifuna kupemphera pokha, ndipo ndinapempheradi, koma panalinso china. Liu la mwanayo landikumbutsa kuyambira kale liu lina limene ndinalimva ndiri mnyamata, ndipo ndinafuna kudziwa kumene mwini wache anatsirizira.

Kumayambiriro kwa chaka cha 1962, masiku a Chitaganya, atsibweni anga, amene anali khukhi kwa Mzungu wina ku Halale, mzinda umene Azungu anali kuutcha Salisbury, anabwera kudzaona kumudzi. Anapeza atate alibe ndalama za sukulu, nati, "Mnyamatayu apite nane." Palibe amene anandifunsa ine. Ndinasiya mabuku ndiri ndi zaka 15, tinaoloka Zambezi pa pantoni pa Tete, ndipo ndinayamba ntchito yothirira maluwa, kutchetcha udzu ndi kutsuka galimoto, malipiro ache ndalama zochepa ndi phoso. M'nyumbamo munali mwana wa bwana, mtsikana wa msinkhu wanga, amene anali ndi galamafoni yache m'chipinda. Ndipo zenera lache linapenya kumunda kumene ndinali kugwira ntchito. Panali mbale ina yaing'ono imene anali kuiliza kasanu kapena koposa tsiku limodzi, kufikira ine, wosadziwa Chingerezi, ndinaloweza kamvekedwe kache konse. Nyimboyo inali yofulumira ndi yokondwa, ndipo ine ndi atsibweni tinagwirizana kuti woimbayo ndi mwamuna, kapena mnyamata wongosintha kumene liu.

Tsiku lina mtsikanayo anandimva ndiri kuing'ung'udza pothirira, naseka, natulutsa chithunzi pazenera. Taonani, chinali cha mtsikana wa tsitsi lakuda lounjikidwa pamutu ngati dengu lobvundikira nkhuku. Anandiuza ndi Chingerezi chosakaniza ndi manja kuti dzina lache ndi Helen Shapiro, ndi kuti zaka zache ndi 15, monga iye, monga ine. Atsibweni anakana kufikira tsiku la imfa yao; anati mwana wamkazi sangathe kutulutsa liu lotero. Koma ine ndinabvomera, ndipo ndiulule pano kuti chimene chinalowa mumtima mwanga sichinali chikondwerero ai, koma nsanje. Ndinati, uyu tinabadwa chaka chimodzi. Iye aimba kanyimbo ka mphindi ziwiri, maiko onse namgulira, ine ndithirira maluwa a eni kuyambira mbandakucha. Nsanje imeneyo ndinaisenza nthawi yaitali, ndipo ndiyo inasunga dzinalo m'mutu mwanga zaka zoposa 60, pamene maina a anthu ena amene anandichitira zokoma ndawaiwala.

Tsono sabata lija ndinaitana mdzukulu wanga amene ali mphunzitsi, ndipo masiku atatu madzulo tinakhala pakhonde, iye ali kufunafuna m'foni ndi kundimasulira, ine ndiri kumvetsera. Zimene tinazipeza ndi izi.

Helen Shapiro anabadwa pa 28 September 1946 ku Bethnal Green, dera la kum'mawa kwa London kumene kunakhala anthu osauka masiku aja. Anabadwa Myuda. Agogo ache anachokera ku Russia, monga Ayuda ambiri a nyengo ija amene anaoloka nyanja kuthawa mazunzo. Atate ndi amai ache anali a ntchito yosoka zobvala, olipidwa monga mwa chiwerengero cha zimene atha, ndiko kunena kuti ganyu wa singano. M'nyumba mwao munali kuimba kwambiri, koma galamafoni munalibe. Ndipo pamene nyimbo yache yoyamba inatuluka, anakabwereka galamafoni kwa anansi kuti aimve. Apa nsanje yanga yakale inachita manyazi, pakuti ine ndinali kuyesa kuti Mzungu ali yense abadwira m'nyumba yonga ya bwana wanga. Kusukulu anzache anamtcha Foghorn chifukwa cha liu lache, ndilo lipenga limene aliomba panyanja tsiku la nkhungu kuchenjeza zombo. Ali ndi zaka 10 anali kuimba kale m'kagulu ka ana a sukulu, ndipo mmodzi wa iwo, Mark Feld, anadzamveka pambuyo pache ndi dzina lakuti Marc Bolan, nafa pa ngozi ya galimoto chaka cha 1977.

Pofika zaka 13 anayamba kuphunzira kuimba pa sukulu ya Maurice Burman ku London komweko. Kumeneko anamumva John Schroeder, wantchito wa kampani yopanga mbale yotchedwa Columbia, nakamuuza mkulu wache Norrie Paramor. Ku England kunali mwambo wowerenga sabata ndi sabata mbale zimene zagulidwa koposa, ndi kuzilemba m'ndandanda, yoposa zonse pamwamba. Ndipo ulemu wonse wa woimba unapachikika pa mndandanda umenewo. Chaka cha 1961, Helen ali ndi zaka 14, nyimbo yache yoyamba, "Don't Treat Me Like a Child", inakwera kufikira malo achitatu. Yachiwiri, "You Don't Know", inakhala pamwamba penipeni mwezi wa August. Yachitatu, "Walkin' Back to Happiness", ndiyo ija ya pazenera ku Halale, inakhalanso pamwamba mwezi wa October, ndipo mbale zache zinagulidwa zoposa miliyoni imodzi. Zonsezi zinachitika iye akali kupita kusukulu m'mawa ndi chikwama chache. Pa Krisimasi chaka chomwecho, atakwanitsa zaka 15 zimene lamulo la kwao linalola masiku aja, anatsazika aphunzitsi ache osabwereranso. Tinasiya sukulu nyengo imodzi, iye ndi ine.

Pali kanthu pa nyimbo yoyamba ija kamene kanandiimitsa. Dzina lache lipempha kuti anthu aleke kumyesa mwana. Ndinafunsa mdzukulu wanga kuti anaipeka ndani, ndipo anapeza kuti anaipeka amuna awiri akulu, Schroeder yemweyo ndi mnzache Mike Hawker, amenenso anapeka zinzache ziwiri zija. Lingalirani bwino, abale. Akulu alemba mau okana ubwana, nawaika m'kamwa mwa mwana, ndipo ana anzache zikwi zambiri awagula ndi ndalama za makolo ao. Sindinena kuti amunawo anali oipa ai. Anali anthu a malonda odziwa ntchito yao. Koma mwanayo sanasankhe chimene aimbe. Iye mwini anakonda nyimbo za mtundu wina, za jazz ndi blues, zimene zinachokera kwa anthu akuda a ku America, ndipo nyimbo imene anayesedwa nayo poyamba inali ya mtundu womwewo. Koma zogulika kwa ana zinali zina, ndipo zache zinakhala m'mbuyo.

Chaka cha 1962 chinali chokoma ndithu. Nyimbo ina, "Tell Me What He Said", inafika malo achiwiri. Anaoneka m'zithunzi ziwiri za kanema. Ndipo owerenga nyuzi za nyimbo anamsankha kuti ndiye woimba wamkazi woposa onse m'Britain. Ndipo pa 2 February 1963 anayamba ulendo wa mwezi umodzi wozungulira mizinda ya England, kuyambira ku Bradford, dzina lache lolembedwa pamwamba pa chikwangwani ndi zilembo zazikulu. M'basi imodzimodziyo munali oimba ena olembedwa pansi pache. Mmodzi wa iwo anali Danny Williams, wobadwira ku Port Elizabeth m'South Africa. Ndipo chakumunsi kwa chikwangwanicho kunali anyamata anai a ku Liverpool, ongoyamba kumene kumveka, otchedwa The Beatles.

Ulendowo usanathe zinthu zinatembenuka. Nyimbo ya anyamatawo, "Please Please Me", inakwera msanga, ndipo atsikana a m'mizinda imene anadutsamo anayamba kupfuulira iwo. Helen mwini asimba kuti tsiku lina m'basimo anawerenga nyuzi imene inafunsa ndi zilembo zazikulu ngati iye sanathe kale ntchito pa zaka 16. Ndipo John Lennon, mmodzi wa anyamata aja, anaona kuti wakhumudwa, namtonthoza kuti asasamale zolembazo. Mtima wanga uwawa ndikaganiza za mwana uyu, wokhala m'basi m'chisanu choopsa cha chaka chija, ali kuwerenga za kutha kwache, ndipo womtonthoza ndiye yemwe ali kudza kudzamlanda malo.

Nanga chinasintha nchiani? Liu lache silinasinthe ai. Chinasintha ndi chilakolako cha ogula. Anyamatawo anali kupeka okha nyimbo zao ndi kuziimba ndi magitala ao, ndipo achinyamata anaona kuti ichi ndicho chatsopano. Woimba woima yekha patsogolo pa gulu la azibambo oliza zoimbira, wolandira nyimbo kwa akulu a kampani, anaoneka wachikale mwadzidzidzi. Ngakhale tsitsi lache lija linasanduka lachikale. Panalinso zophonya za omsunga. Lennon ndi McCartney anampekera nyimbo yotchedwa "Misery", koma Paramor anaikana, ndipo anaijambula Kenny Lynch, amene anali m'basi momwemo. Chaka chomwecho Helen anapita ku Nashville m'America, najambula "It's My Party". Koma yache isanatuluke, mtsikana wina, Lesley Gore, anatulutsa nyimbo yomweyo, nikhala pamwamba m'America. Pambuyo panadza atsikana ena, Cilla Black, Dusty Springfield, Sandie Shaw ndi Lulu. Awiri oyambawo anali akulu kwa Helen pobadwa, koma anthu anawayesa iwo atsopano ndi iye wakale. Nyimbo yache yotsiriza kulowa m'gulu la 40 zoyamba inali "Fever", kumayambiriro kwa 1964, iye ali ndi zaka 17. Ulemerero wonse uja unakhala zaka zitatu.

Pano ndinayesa kuti nkhani yatha, ndipo ndinali wokonzeka kunyamuka kukaitula kwa amache a mwana monga chenjezo lokwana. Koma mdzukulu wanga anati, "Agogo, dikirani, zikalipo zambiri." Ndipo zinalipodi, zaka 38 za ntchito.

Sanaleke kuimba. Anaimba m'mahotela ndi m'nyumba zochezeramo anthu a m'migodi ndi m'mafakitale kumpoto kwa England, kumene amuna akhala ndi mowa patsogolo pao, ndipo anthu anapemphabe nyimbo zomwezo anaziimba ali mwana. Ine ndiyesa kuti ichi chinali cholemera koposa kuiwalika: mai wa zaka 30 kufunsidwa usiku ndi usiku kuti abwezere anthu mtsikana wa zaka 14 amene kulibenso. Anakwatiwa chaka cha 1967, ukwati nutha. Anakwatiwanso chaka cha 1972, ndipo pofika 1977 uwonso unatha. Pa zimenezi sindikhalitsa, pakuti si mlandu wa bwalo lathu. Anaphunzira ntchito ya masewero, nasewera monga Nancy m'sewero la nyimbo la "Oliver!" ku London, lochokera m'buku la Charles Dickens, anaonekanso m'sewero la pa wailesi ya kanema lotchedwa "Albion Market" chaka cha 1986. Ndipo kuyambira 1984 kufikira 2001 anaimba ndi gulu la Humphrey Lyttelton, katswiri woomba lipenga, nyimbo za jazz zija anazikonda ali kamtsikana. Zinapita zaka zoposa 20 kuti nyimbo za kumtima kwache zisanduke ntchito yache ya masiku onse.

Tsopano ndifike pa chimene ambiri a inu mudzachikonda, koma ndiyambe ndi chimene chidzatichititsa manyazi. Helen asimba kuti ali ndi zaka ngati 6, mwana wina kusukulu anamdzera namnena kuti iye ndiye anapha Yesu Kristu. Iye sanalidziwe dzinalo. Anapita kwao ali kulira, nafunsa amache kuti munthu ameneyu ndani. Kumbukirani kuti apo zinali zitapita zaka zochepa chabe chithere nkhondo yaikulu ya 1939 kufikira 1945, m'mene anaphedwa Ayuda mamiliyoni 6 ku Ulaya. Mwana wonenayo sanapeke yekha mau aja. Anawamva kwa akulu. Ndipo ine ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndamva pa nyengo ya Paskha alaliki athu ali kutchula Ayuda monga ngati mtundu wonse ndiwo adani a Ambuye, ndipo inenso ndalalika chotero, kuiwala kuti Ambuye mwini, ndi amache, ndi Petro, ndi Paulo, onsewo ndi Ayuda. Nthawi yoyamba imene kamtsikana aka kanamva dzina la Mpulumutsi, kanalimva ngati mwala woponyedwa. Tisazizwe kuti panapita zaka zoposa 30 asanalifune.

M'zaka zimenezo anafunafuna kwina. Anapita kwa olankhula ndi mizimu ya akufa ndi kwa oombeza, pakuti otere aliko ku England komwe, nawerenga ziphunzitso za Buddha ndi zina; ndipo pofika zaka 40 anaona kuti zonsezo zamthera m'manja. Woyang'anira oliza zoimbira ache, Bob Cranham, anali Mkristu, ndipo tsiku lina anamuuza kuti ali wokonzeka kusiya ntchito ya nyimbo ngati Mulungu amuitana kukalalika. Helen anazizwa kuti munthu angathe kugwira ntchito imeneyi ndi dzanja lomasuka chotere, pamene iye anaigwiritsa ndi manja awiri kuyambira ubwana. Cranham anampatsa buku lotchedwa "Betrayed!" lolembedwa ndi Stan Telchin, Myuda wa malonda wa ku America, amene mwana wache wamkazi anakhulupirira Yesu; atateyo anayamba kusanthula Malembo kuti amtsutse, koma potsiriza anakhulupirira iye yemwe. Helen anaopa kuti kapena Akristu anasintha mau, nakagula Malembo a Ayuda eni ache, amene ife titi Chipangano Chakale, nawerenga Yesaya 53, ndi Salmo 22, ndi Mika 5. Mwezi wa August 1987 anapemphera nabvomereza kuti Yesu ndiye Mesiya. Iye ananena molimba kuti sanaleke kukhala Myuda, ngakhale ambiri a mtundu wache sabvomerezana ndi mau otere; ndipo ife tisayese kuti chinali chopepuka. Chaka cha 1988 anakwatiwa ndi John Judd, munthu wa masewero. Chaka cha 1990 anatulutsa nyimbo zauzimu zotchedwa "The Pearl", chaka cha 1993 linatuluka buku la moyo wache, ndipo mu 2002 analeka kuimba m'mabwalo a zosangalatsa, kuti atumikire ndi nyimbo za Uthenga ndi umboni wache pokha.

Usiku wachitatu, mdzukulu wanga atapita, ndinakhala ndekha pakhonde, ndipo ndinaona kuti nkhaniyi yakana kunditumikira monga ndinafunira. Ndinaifuna ikhale ndodo yoopsezera. Koma mai uyu sanafe ndi mowa, sanapemphe m'miseu, mphatso yache inamdyetsa zaka 40, ndipo ndiyesa kuti ambiri amene anadza kudzamva umboni wache anakokedwa ndi nyimbo zija za 1961. Sindingathe kuuza mbumba yanga kuti kumveka kunamuononga. Komanso sindingathe kuwauza kuti njirayo njosalala. Alipo ena amene sanapulumuke. Frankie Lymon wa ku New York anamveka m'maiko ambiri chaka cha 1956 ali ndi zaka 13. Liu lache litasintha ogula anamtaya, ndipo anafa ndi mankhwala ozunguza bongo chaka cha 1968 ali ndi zaka 25. Ndiponso Helen anaimba m'dziko la ogula mbale mamiliyoni, kumene woimba wogwa pamwamba apezabe pogwira. Wathuyu akagwa adzagwera pati? Chimene ndinachiona poyera ndi ichi, kuti m'zaka zitatu zija zonse zinali m'manja mwa ena, nyimbo yoti aimbe, nyimbo yoti akane, tsiku loitulutsa. Ndipo pamene ogula anatembenuka, iye anali ndi zaka 17, wopanda sukulu yobwererako. Ichi ndichidziwa ndi thupi langa. Ine ndinabwera kuchokera ku Halale ndi njinga ndi sutikesi, koma sukulu sinandidikire. Chingerezi chimene ndinachitola m'munda mwa bwana ndicho ndiri nacho kufikira lero, ndipo ndiitana mdzukulu kuti andiwerengere.

Ndinenenso china, chimene sitikonda kuchinena. Ife a mumpingo tifulumira kudzudzula a m'tauni kuti adyera ana. Koma ndani anatuma ine ku Halale? Anali Akristu obatizidwa, atate anga ndi atsibweni anga, ndipo ndalama zanga zinagula malata a nyumba yathu. Njala ikalowa, mwana waluso asanduka nkhokwe, ndipo ambiri a ife tadya za m'nkhokwe yotere ndi kuyamika Mulungu. Chifukwa chache sindinathe kupenya Nabanda ndi diso la woweruza.

Loweruka tinasonkhana patsinde pa mtengo wa mango: amache, atate ache, ine, mkulu wina wa mpingo, ndi mwanayo atakhala pamphasa chapatali. Ndinawasimbira zonse monga ndakusimbirani, osabisa mbali yokoma. Pamenepo ndinati, "Nabanda, mau anga ndi awa. Mwanayu sachoka pa sukulu, ndipo sakagona m'nyumba ya munthu amene sitimdziwa. Sukulu ikatsekera mwezi wa December mupite naye inu nomwe, mukagone kwa mkulu wanu, akajambule nyimbo ziwiri, ndipo imodzi asankhe yekha. Chikalata chiri chonse chibwere kuno, aphunzitsi akulu atiwerengere, wina asanaikepo chala. Munthuyo akakhala wabwino adzabvomera. Akakana, tidzakhala tamdziwa. Ndipo shuga ndi ndalama zija zibwerere, kuti tisayambe ndi ngongole." Apa amache anaweramitsa mutu, pakuti shugayo anali atamwera kale tiyi, ndipo ndinati ndidzagula ine.

Atate ache anabvomera msanga. Amache anakhala chete nthawi, nati, "Tamva, atsibweni," koma ndi liu la munthu amene ali kuwerenga miyezi ya njala kufikira kukolola.

Pamenepo ndinachita chimene sanandichitire ine mu 1962. Ndinaitana mwanayo kuti asendere, ndi kumfunsa maganizo ache. Anagwada, napenya pansi, nati, "Agogo, ndifunseko?" Ndinati, "Funsa, mwana wanga." Nati, "Mai uja akadakhala kwao kufikira atatha sukulu, kodi anyamata aja sakadafika iye asanayambe? Nanga inu mukadamumva pazenera paja?" Mkulu wa mpingo anatsokomola, amache namdzudzula kuti alibe mwambo, koma ine ndinawaletsa, pakuti funsolo linali lolungama. Akadadikira zaka ziwiri akadapeza khomo lotsekeka, ndipo dzina lache sindikadalidziwa. Ndinamuuza kuti wanena zoona, ndi kuti mau anga sasintha.

Bambo wa m'tauni tinamtumizira uthenga Lolemba. Anayankha kuti December ndi kutali, ndipo adzaganiza. Kufikira tsopano pamene ndiri kulemba sanatumize mau ena. Mwanayo andipatsabe moni mogwada monga kale, ndi kunditungira madzi, koma nkhani zimene anali kundisimbira madzulo zaleka. Sabata lapitali anaimba ndime yache yekha m'chalichi, maso ache ali kuzenera. Ndipo potuluka anapita ndi anzache njira ya kuchitsime, osadikira kundinyamulira Buku monga achita masiku onse.